Tizilombo ta Zilonda za M'mimba Tikasiya Kumva Mankhwala

M'kalasi la Biology timaphunzira kuti m'chifu mwathu muli asidi wamphamvu amene amapha tizilombo tambiri tomwe timameza ndi chakudya. Koma bakiteriya wina, Helicobacter pylori, amakhala momwemo bwinobwino. Amatulutsa enzayimu yotchedwa urease, yomwe imapanga amoniya wofooketsa asidi pamalo pomwe iye wabisala. Anthu ambiri amamutenga ali ana ndipo sawavuta, koma kwa ena ndiye gwero la zilonda za m'mimba, mwinanso khansa.

Kale anthu ankati zilondazi zimabwera ndi nkhawa kapena tsabola. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, ndiwo anatsutsa zimenezi. Mu 1984 Marshall anachita kumwa dala tizilomboti n'kudwala, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel.

Chithandizo chodziwika ndi omeprazole wochepetsa asidi pamodzi ndi maantibayotiki awiri, amoxicillin ndi clarithromycin kapena metronidazole, kwa masiku 14. Vuto lake n'lakuti m'madera ambiri tizilomboti tasiya kumva mankhwalawa, moti mu 2017 bungwe la WHO linaika H. pylori wosamva clarithromycin pa mndandanda wa mabakiteriya ofunikira mankhwala atsopano.

Timvetsetse apa, chifukwa ngakhale pa mayeso ambiri timaphonya: si thupi la munthu limene limazolowera mankhwala, koma tizilombo. Mwa tizilombo tambirimbiri, tingapo timakhala ndi kusintha kwa majini kotiteteza. Mankhwala akapha tinzake, ito timatsala, n'kuswana. Tikagula Flagyl, yemwe ndi metronidazole yemweyo, pagolosale chifukwa m'mimba mwangotsegula pang'ono, H. pylori amene tili naye osadziwa amakumana ndi mlingo wosakwanira kumupha. Tsiku lomwe tidzawafunedi mankhwalawo, sadzagwira.

Ndiye chifukwa chake dokotala amafunsa maantibayotiki amene tinamwapo kale. Tiyankhe zoona, ngakhale tinagula tokha. Kumene tizilombo tosamva clarithromycin tapitirira 15 pa 100 tilitonse, akatswiri amalangiza mankhwala anayi: omeprazole, bismuth, tetracycline ndi metronidazole. Mapiritsi ake ndi ambiri, m'kamwa mumamveka ngati chitsulo, ndipo bismuth amadetsa chimbudzi. Ambiri amalekera panjira ululu ukangotha, pomwe tizilombo tisanathe. Ngati masiku omwera mankhwala agwera m'mwezi wa Ramadan, tikambirane ndi dokotala tisanayambe, osati kudumpha mlingo patokha.

Tikamaliza, tibwerere kuchipatala pakatha milungu inayi kapena kuposerapo kukayezetsa chimbudzi kapena mpweya, titasiya omeprazole kwa milungu iwiri. Kuyeza magazi sikuthandiza pamenepa, chifukwa zizindikiro za chitetezo cha m'thupi zimatsalabe m'magazi nthawi yaitali tizilombo titafa kale.