Makalata a Omvera: Khadi la Moni Lochokera ku Chelinda

Zikomo mayi athu a ku Chelinda, m'boma la Rumphi, amene mwafunsa kapangidwe ka khadi la moni. Popeza mukhala pamwamba pa Nyika, pamene mbidzi ndi chilembwe zidya msipu poyera, chojambula simudzachisowa. Dulani pakati mbatata ya kachewere, musemepo mbidzi ndi kampeni, chikhale chidindo chanu. Koma musanadinde, pakani pepala lolimba utoto wosungunula m'madzi, wobiriwira ngati zitunda zanuzo, nimulileke liume ndithu, pakuti nkhungu ya kumeneko ichedwetsa kuuma, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukadinda ponyowa, mizere ya mbidzi idzayenderera. Maluwa a m'paki ya Nyika, yotetezedwa chiyambire 1965, muwajambule kokha, mayi, osathyola ayi.