MADZI OKANA SOPO: KODI NDI OOPSA?

Mipope ya Blantyre Water Board ikauma, amayi ambiri a ku Soche amathamangira ku mjigo kapena ku chitsime. Ena mwa madzi otungidwa kumeneko amakana sopo: thovu silibwera, nyemba zimachedwa kupsa, ndipo m'ketulo mumamata nkhoko zoyera.

Chochititsa Chake

Madzi akamadutsa m'miyala pansi pa nthaka amasungunula michere iwiri, kashiamu ndi maginiziyamu. Michere imeneyi ndiyo imalimbana ndi sopo. Imatha sopo ndi nkhuni, koma siyambitsa matenda. Ndipotu thupi limaifuna pomanga mafupa ndi mano.

Choopsa chenicheni ndi tizirombo tosaoneka ndi maso. Madzi angathe kukhala oyera mbee, ochita thovu bwino, komabe ali ndi kolera. M'zaka za 2022 ndi 2023 nthendayi inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo Blantyre anali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri. Motero banja liyenera kuyamba lathana ndi tizirombo lisanaganize za thovu.

Kusankha Njira

1. Kuwiritsa. Madzi akabwata kwa mphindi imodzi tizirombo timafa, ndipo gawo lina la michere ija limatsalira pansi pa mphika. Akazizira atsanulidwe pang'onopang'ono mu ndowa yotsuka, yovundikira.

2. Klorini. Mankhwala monga WaterGuard amapha tizirombo akathiridwa pa muyeso wolembedwa pa botolo, madziwo n'kudikiridwa mphindi 30. Koma michere sachotsa.

3. Madzi a mvula. Awa sakana sopo, choncho ndi abwino kuchapira. Oyamba kutsika pa denga atayidwe, ndipo akumwa awiritsidwe ndithu.

4. Makina ofewetsa madzi. Amachotsa michere ija, koma ndi okwera mtengo, amafuna kuthiridwa mchere kawirikawiri, ndiponso sapha tizirombo. Nsalu yosefera imangogwira zitsotso.

Nkhoko za m'ketulo zimachoka akawiritsamo madzi osakaniza ndi mandimu kapena viniga, kenaka n'kutsukuluza.

Ngati madzi akumveka mchere wambiri m'kamwa, kapena ana omwa pa mjigo umodzi akuchita mano a mawanga oderako, nkhaniyo ikafike kwa mlangizi wa zaumoyo kuti madziwo akayezedwe. Kuwiritsa ndi klorini sizithetsa vuto limenelo.