Nzeru Zachidule za ku Songwe

Mtsinje wa Songwe, umene uli malire a Malawi ndi Tanzania m'boma la Karonga, umasefukira m'dzinja ndipo umasinthasintha njira. Mlimi wa kumeneko alibe makina oyezera mvula, komabe ayenera kusankha zochita msanga. Ine ndaona kuti amadalira timalamulo tachidule.

Koyamba: mpunga kudambo, chinangwa kumtunda. Madzi akakokolola munda umodzi, banja lipulumukira winawo. Kachiwiri: powoloka mtsinje tsata mwini dera, pakuti safunsa adadya phula. Kachitatu: wogula akafika pa mtengo umene udakonzeratu mumtima, gulitsa mpunga wako, wodikira mtengo woposa yonse amabwerera nalo thumba.

Katswiri wa ku America, Herbert Simon, amene adalandira mphotho ya Nobel mu 1978, adafotokoza zomwezi: munthu woperewedwa nthawi ndi chidziwitso amasankha chokwanira, safunafuna changwiro.

Anzanga, nafenso pa mayeso tiyambe ndi funso limene tikulidziwa, nthawi isatithere. Koma tichenjere: lamulo lachidule limathandiza pamalo pamene lidabadwira. Mtsinje ukasintha njira, dooko la chaka chatha likhoza kutimiza. Tifunsenso eni dera.