Phunziro la Zamakina: Kusintha Buti ya CV Joint ndi Cipangizo ca Mpweya

Nyengo yokolola ikafika, galimoto ya pa famu kapena ya gulu la alimi siipuma. Imatuta cimanga, nshawa, soya ndi mpendadzuwa kupita nazo ku misika ya Chipata, Katete ndi Petauke, ndipo ndi yomweyonso imene imathamangitsa wodwala kucipatala pakati pa usiku. Galimoto yotere ikhoza kuima pa njira cifukwa ca kanthu kotsika mtengo: kathumba ka mphira kokhala kuseri kwa gudumu lakutsogolo, kamene amakanika amakachula kuti buti. M'phunziro lino tiona nchito ya kathumbaka ndi kasinthidwe kake pogwiritsa nchito cipangizo ca mpweya. Tionanso mbali ya nchitoyi imene cipangizoco sicingaticitire.

Cimene buti imateteza

Pa galimoto yokoka ndi magudumu akutsogolo, monga Toyota Corolla, ndi kutsogolo kwa ma Hilux amakono okoka ndi magudumu onse anai, mphamvu ya injini imacoka ku giyabokosi kupita ku gudumu kudzera m'shafuti. Gudumulo limakwera ndi kutsika m'maenje, ndiponso limakhota dalaivala akapotoza ciwongolero. Motero shafuti imafunika mfundo yotha kupindika uku ikuzungulira, ndipo mfundoyo ndiyo CV joint.

Ambiri a inu mumadziwa mfundo ya mtanda ya pa shafuti ya PTO ya thalakitala. Mfundo ya mtandayo ikapindika, kazunguliridwe kake sikakhala kofanana: imafulumira ndi kucedwa kawiri pa kuzungulira kumodzi. CV joint imazungulira pa liwiro limodzi ngakhale itapindika kufika pa madigiri 45. Mtundu wofala wa jointi ya kugudumu unapangidwa ca m'ma 1926 ndi Alfred Rzeppa, injiniya wa kampani ya Ford ku America. M'kati mwake muli timipira tacitsulo, kawirikawiri 6, toyenda m'tinjira tosalala kwambiri.

Timipirati timadalira girizi wakuda wokhala ndi molybdenum, ndipo buti ndiyo imasunga giriziyo m'kati ndi kutsekereza fumbi ndi madzi kunja. Kwathu kuno buti ili ndi adani ambiri: zitsa za mapesi, udzu wautali wokulungana pa shafuti, miyala ya m'miseu yafumbi, ndi matope a nyengo ya mvula. Ikang'ambika, girizi amamwazika ndipo mcenga umalowa. Mcengawo ukasakanizika ndi girizi wotsala umanola citsulo monga mwala wonolera nkhwangwa.

Kuyesa tisanayambe

Potozani ciwongolero mpaka pothera ndipo suzumirani kuseri kwa gudumu. Girizi wakuda womwazika m'kati mwa limu ndi pa zitsulo zapafupi ndi umboni wakuti buti yabooka. Ming'alu ya m'makwinya a mphira ikusonyeza kuti yatsala pang'ono. Kenaka yendetsani galimoto pang'onopang'ono mozungulira, ciwongolero cili pothera, kumanja ndi kumanzere. Mukamva kulira kwakuti kha kha kha, ndiye kuti jointi inadyeka kale, ndipo buti yatsopano siingaicize. Pamenepo gulani jointi ina. Zimene zikutsatirazi ndi za jointi imene idakali cete.

Cipangizo ca mpweya

Mwa njira yakale, makaniko amagwetsa jointi pa shafuti ndi nyundo kuti buti ilowe. Nchitoyo imatenga nthawi, ndipo kawaya kogwira jointi kangathe kuthyoka kapena timipira kumwazika m'dothi. Cipangizo ca mpweya cinabwera kudzapewetsa zimenezi. Cili ndi zala zacitsulo zingapo zokumana kunsonga. Mpweya wocokera ku kompuresa ukalowa, zalazo zimatambasuka monga ambulera ndi kukulitsa kukamwa kwa buti mpaka jointi yonse itapitamo.

Kumbukirani zinthu ziwiri. Coyamba, cipangizoci cimagwira ndi mabuti ofewa opangidwira kutanuka basi. Buti yolimba ngati pulasitiki imang'ambika mukaikakamiza. Caciwiri, makompuresa a m'magaraji amapereka mphamvu ya mabaa 6 mpaka 8, koma inu tsatani malire olembedwa ndi wopanga cipangizo canu. Mpweya wofunika ndi wocepa, cotero thanki yodzazidwa magetsi adakalipo imakwanira.

Ndondomeko ya nchito

1. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, mangani buleki yamanja ndi kuikira magudumu akumbuyo miyala kapena mitengo. Masulani pang'ono nati yaikulu ya pakati pa gudumu galimoto idakali pansi.

2. Kwezani ndi jeke, kenaka khazikani galimoto pa zocirikiza zacitsulo. Jeke yekha kapena njerwa zosanjikiza si zodalirika pamene thupi lanu lili pafupi ndi kunsi kwa galimoto.

3. Cotsani gudumu, masulani ball joint yam'munsi, ndipo kankhani shafuti kuti ituluke mu habu. Ikalimba, bwezerani nati kunsonga ndi kugogoda ndi nyundo yofewa kuti mazinga asaphwanyike. Mangirirani shafuti ndi cingwe kuti isalendewere. Musaikoke, kuopera kuti jointi ya kugiyabokosi ingasololoke. Samalaninso paipi ya mabuleki ndi waya wa ABS.

4. Dulani malamba acitsulo ndi buti yakale. Tapani girizi pang'ono ndi kumufikisa pakati pa zala. Mukamva tokhakhala, mcenga unalowa. Tsukani jointi ndi palafini ndi kaburashi, mukuipinda uku ndi uku, mpaka palafini wotuluka atayera. Iumitseni bwino, ndipo yang'anani ngati timipira ndi tinjira take tilibe zipsera.

5. Yerekezani buti yatsopano ndi yakale. Mabuti otanuka amabwera ndi mizere ya misinkhu yosiyanasiyana kukamwa kwake. Dulani potsata mzere woyenera ndi mpeni wakuthwa, cifukwa podulidwa mokhota ndi pamene kung'ambika kumayambira. M'miyezi yozizira ya June ndi July, yambani mwaika butiyo padzuwa kapena m'madzi ofunda kuti ifewe, kenaka ipukuteni.

6. Pakani zala za cipangizo mafuta oterera amene abwera ndi buti. Lowetsani zalazo kucokera kukamwa kwakukulu mpaka nsonga zake zitaonekera kukamwa kwakung'ono. Valani magalasi oteteza maso. Tsegulani mpweya pang'onopang'ono, ndipo lekani pamene mpata wakwanira. Pitirizani cipangizo pamwamba pa jointi mpaka kukamwa kwakung'ono kutafika pa shafuti, tulutsani mpweya, ndipo solorani cipangizo mutagwira buti. Musasiye mphira ili cotanuka nthawi yaitali, ndipo zala zanu zisalowe pakati pa zala za cipangizo.

7. Finyirani girizi yense wa m'paketi m'jointi, wotsala mumuike m'buti. Girizi wamba wa ngolo kapena wa pulawo sapirira kupanikizika kwa m'jointi iyi.

8. Pukutani mizere imene buti imakhalapo ndi kuikhazika bwino. Musanamange lamba wotsiriza, tukulani mlomo wa buti pang'ono ndi sikuludiraiva yobuntha kuti mpweya wa m'kati ufanane ndi wakunja, buti isakhale yofufuma kapena yophwafuka. Mangani malamba ndi pulayala yake. Waya kapena malegeni amaceka mphira kapena kumasuka.

9. Bwezerani zonse. Ikani nati yatsopano ngati ilipo, imangeni ndi sipanala yoyezera mphamvu molingana ndi buku la galimotoyo, ndipo ikhomereni kapena kuika pini yake. Nati yolimbitsa mopitirira kapena yosalimba imaononga beringi ya gudumu.

Cimene cipangizo sicicita

Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Cipangizo ca mpweya cimavalika buti m'kamphindi, ndipo ngozi yake ili pomwepo. Popeza jointi siicoka pa shafuti, n'kosavuta kulumpha gawo lacinai ndi kutsekera mcenga m'kati mwa buti yatsopano. Kunja nchitoyo imaoneka yaukhondo, mwini galimoto amalipira mokondwa, koma citsulo cimapitiriza kudyeka mpaka tsiku limene jointi idzathyoke galimoto itasenza matumba. Nthawi imene cipangizo cakupulumutsirani muigwiritse nchito pa kutsuka. Ngati matope analowa kwambiri moti palafini sakuyera, gwetsani jointi ndi kuitsuka padera monga mwa njira yakale.

Amene alibe kompuresa asataye mtima. Pali cipangizo cina ca pulasitiki cooneka ngati fanulo, cimene amaterezerapo buti yotanuka ndi manja. Cimafuna mphamvu ndi mafuta oterera, koma malamulo a kutsuka ndi kumanga ndi omwewo.

Pomaliza, khalani ndi cizolowezi cosuzumira mabuti nthawi iliyonse pamene musintha oilo ya injini, ndiponso galimoto ikacokera m'munda kapena m'matope. Buti ikagwidwa itangoyamba ming'alu, jointi imapulumuka.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi CV joint imasiyana bwanji ndi mfundo ya mtanda ya pa thalakitala?
2. Mwini galimoto wabwera jointi ikulira pokhota, koma akufuna buti yokha cifukwa ndalama zacepa. Mungamulangize motani?
3. Fotokozani zifukwa ziwiri zimene buti yatsopano ingang'ambikire pa cipangizo ca mpweya.