Masewero Oyerekeza: Mitundu Yake ndi Ntchito Yake M'kalasi

Mwana amene wangomva phunziro ndi makutu sachedwa kuliiwala, koma amene walichita yekha limamukhazikika mumtima. Nchifukwa chake mphunzitsi ayenera kudziwa masewero oyerekeza. M'masewero otere munthu amadziyesa wina, nalankhula ndi kusankha zochita monga momwe winayo akadachitira.

Mtundu woyamba ndi umene ana amayamba okha, monga masanje. Wina amakhala bambo, wina mayi, wina mfumu. Malamulo ake salembedwa, komabe onse amawatsata.

Wachiwiri ndi wa pa tebulo. Mu 1824 asilikali a ku Prussia anayamba kuphunzira nkhondo pa mapu mwa sewero lotchedwa Kriegsspiel, lokhala ndi woweruza wake. Mu 1974 Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America anatulutsa Dungeons & Dragons. M'menemo wotsogolera amafotokoza dziko longopeka, wosewera aliyense amayimira munthu mmodzi, ndipo madayisi amagamula ngati zimene wayesa zatheka.

Wachitatu ndi wochita ndi thupi lonse. Jacob Moreno anauyamba ku Vienna m'zaka za m'ma 1920, ndipo pambuyo pake anaugwiritsa ntchito pothandiza ovutika maganizo. Dorothy Heathcote, yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Newcastle ku England, anasonyeza kuti mphunzitsi nayenso angathe kulowa m'sewero ndi kuwatenga ana ngati akatswiri oyenera kufunsidwa nzeru.

Wachinayi ndi wa pa kompyuta, pomwe makina ndiwo amagwira ntchito ya woweruza.

Pa mitundu yonseyi tiphunzirapo kuti sewero la m'kalasi lisowa zinthu zitatu: mbali ya mwana aliyense, malamulo omveka, ndi wotsogolera. Tiyerekeze phunziro la chilankhulo m'Sitandade 6. Mbuzi zadya chimanga cha mwini, ndipo mlandu wafika pabwalo. Sankhani mfumu, nduna, wodandaula, mwini mbuzi ndi mboni. Otsalawo akhale anthu a m'mudzi ololedwa kufunsa mafunso. Musawalembere mawu oti aloweze, chifukwa phindu lagona pa kuganiza okha.

Chenjerani pa ziwiri. Musapatse mwana mmodzimodziyo mbali ya wolakwa nthawi zonse, kuopa kuti dzinalo lingamukanirire kunja kwa kalasi. Ndiponso siyani mphindi khumi zokambirana pamapeto. Afunseni chifukwa chimene mfumu yagamulira motero, ndi ngati panali chigamulo china chabwino koposa. Popanda kukambirana kotere, ana adzakumbukira kuseka kokha, phunziro ayi.