PHUNZIRO 7: Kutsimikizira Zikalata Zopita Nazo Kunja kwa Dziko

Ife a ku Nkaya timaona sitima zamalasha zochokera ku Moatize zikudutsa pano kulowera ku Liwonde ndi ku Nayuchi mpaka kudoko la Nacala. Palibe ngolo imene imaoloka malire popanda mapepala ake. Anthu athunso ali paulendo: ena ali ku Joni, ena ku Cuamba ndi ku Nampula, ena akufuna malo asukulu kunja. Koma ambiri sadziwa kuti chikalata chimene chimalemekezeka kuno chikhoza kukanidwa kunja, ngakhale chili chenicheni. M'phunziro lino tikambirana chifukwa chake, ndiponso njira yoyenera kutsata.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa kuno amuna ake amwalira ku South Africa, ndipo kuntchito kwao kwatsala ndalama zoti alandire mkazi ndi ana. Mayiyu akutumiza kalata ya amfumu, khadi la ubatizo la ana ndi fotokope ya setifiketi ya ukwati. Patapita miyezi yankho likubwera lakuti mapepalawo sakukwanira. Kodi kalaliki wa kumeneko ndi wankhanza? Iyayi. Iye sadziwa dzanja la amfumu athu, sadziwa chidindo cha parishi yathu, ndipo alibe njira yodziwira ngati amene anasainayo alidi ndi udindo. Choncho amafuna kuti munthu wina amene boma lathu linampatsa mphamvu achitire umboni kuti siginecha ndi chidindocho n'zoona.

Pali masitepe angapo, ndipo anthu amawasokoneza. Loyamba ndi la Commissioner for Oaths, ndiye kuti munthu wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu, monga majisitireti, DC kapena loya. Ameneyu amayerekeza fotokope ndi chikalata chenicheni n'kudinda kuti zikufanana. Amalandiranso lumbiro lolemba, limene amati afidaviti. Ntchito imeneyi mukhoza kuichitira pafupi, ku Balaka kapena ku Liwonde, ndipo pa zinthu zambiri za m'dziko muno chidindo chake n'chokwanira. Kunja nthawi zambiri sichikwanira.

Sitepe lachiwiri ndi la notary public. Ameneyu ndi loya amene analandira chilolezo chapadera chotsimikizira zikalata zimene zikagwire ntchito kumaiko ena. Si loya aliyense amene ali notary, choncho funsani musanalipire. Muyenera kupita nokha, mutatenga chiphaso chaunzika kapena pasipoti pamodzi ndi zikalata zenizeni. Ngati pali poti musaine, musasainiretu kunyumba, chifukwa ntchito yake ndi kuona ndi maso ake kuti mwasaina ndinu. Amene sadziwa kulemba amadinda chala, koma ayambe wamuwerengera zonse m'chinenero chimene amamva. Musachite manyazi kunena kuti simunamve.

Sitepe lachitatu limadalira dziko limene chikalatacho chikupita, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Pa 5 October 1961 maiko anapangana mumzinda wa The Hague kuti azilandirana zikalata ngati zili ndi chitsimikizo chimodzi chotchedwa Apostille. Malawi analowa m'panganoli mu 1967, ndipo South Africa inalowa mu 1995. Botswana, Lesotho ndi Namibia nawonso alimo. Tanthauzo lake ndi lakuti chikalata chopita ku Johannesburg chikakhala ndi Apostille sichifunikanso chidindo cha kazembe. Mwa akuluakulu amene boma linawapatsa mphamvu imeneyi muli Registrar wa High Court ndi Registrar General.

Koma maiko a pafupi nafe, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe, pofika chaka cha 2024 anali asanalowe m'panganoli. N'zodabwitsa ndithu: pepala lopita ku Cape Town limayenda njira yaifupi kuposa lopita ku Cuamba, kumene sitima yodutsa pa Nkaya imafika. Chikalata chopita kudziko lotere chimayenera kudutsa ku Unduna Woona za Ubale wa Dziko Lino ndi Maiko Ena ku Lilongwe, kenaka ku ofesi ya kazembe wa dzikolo. Komanso ku Mozambique maofesi amagwira ntchito m'Chipwitikizi, ndiye akhoza kufuna kuti chikalatacho chimasuliridwe ndi womasulira amene iwo amamuvomereza, osati mnzanu wa pamsika amene amalankhula Chipwitikizi.

Ndiye musanakwere minibasi, yambani mwafunsa ofesi imene ikufuna chikalatacho, kaya ndi sukulu, kampani, banki kapena khoti. Afunseni kuti akufuna chidindo chanji, chikalata chenicheni kapena fotokope, ndiponso chikhale cha miyezi ingati. Akulembereni yankholo pakalata kapena pauthenga wa pafoni, mulisunge. Kalata yapolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, mwachitsanzo, imatha mphamvu pakapita miyezi yochepa, ndipo mukaitenga msanga kwambiri mudzalipira kawiri.

Tsopano tiikepo mtima pa nkhani ya maina, pakuti ndi imene imagwetsa anthu ambiri a kuno. Mwana amabadwa n'kupatsidwa dzina lapamudzi. Paubatizo kapena ku madrasa amalandira lina. Kusukulu amalembetsa dzina la amalume amene akumulipirira fizi, ndipo ena kale ankabwereza Sitandade 8 ndi dzina lachilendo. Akadzakula, setifiketi ya MSCE yochokera ku MANEB ikunena dzina lina, chiphaso chaunzika lina, pasipoti lina. Ngakhale chilembo chimodzi chokha, Yusufu apa, Yusuf apo, chikhoza kuimitsa nkhani yonse. Kwathu timadziwa kuti ndi munthu mmodzi, koma kunja amawerenga anthu atatu. Mankhwala ake ndi afidaviti yonena kuti maina onsewo ndi anu, ndipo nayonso iyenera kutsimikiziridwa pamodzi ndi zikalata zinazo. Ngati cholakwika chili pachiphaso chaunzika kapena pakalata yakubadwa, pitani ku ofesi ya NRB paboma chikakonzedwe. Musafute kapena kulembapo nokha. Makolo, kuyambira mu 2015 kulembetsa mwana akabadwa ndi lamulo. Khadi la kusikelo kapena la ubatizo limathandiza ngati umboni, koma silikalowa m'malo mwa kalata yakubadwa ya boma.

Dziwaninso kuti chidindo sichisandutsa bodza kukhala zoona. Apostille imachitira umboni siginecha, udindo wa wosainayo ndi chidindo chake basi. Setifiketi yogula ikhalabe yabodza, ndipo ku South Africa bungwe la SAQA limafufuza mapepala asukulu ochokera kunja. Kunama pa lumbiro ndi mlandu umene munthu amamangidwa nawo.

Pamakomo a maofesi mudzakumana ndi madobadoba olonjeza kuti zonse zitheka lero lomwe. Musawapatse zikalata zanu zenizeni. Lipirani mkati mwa ofesi ndipo mulandire lisiti.

Njira imeneyi imagwiranso ntchito mobwerera. Mbale wanu amene ali ku Joni akafuna kukupatsani mphamvu zomuyendetsera nkhani ya kubanki kapena ya chuma chamasiye kuno, uthenga wa pa WhatsApp sukwanira. Akasaine kalata yopereka mphamvuyo pamaso pa notary wa kumeneko, kapena akafunse ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria.

Zokambirana m'magulu: Aliyense abwere ndi zikalata zimene ali nazo kunyumba, aziike pamodzi, ndipo awiriawiri muwerenge maina ndi masiku obadwa chilembo ndi chilembo. Ndi angati m'gulu lanu amene zikalata zao zonse zikugwirizana? Nanga ana angati m'mudzi mwanu alibe kalata yakubadwa, ndipo ndani adzaperekeze makolo ao ku Balaka?