PHUNZIRO LA SABATA INO: Chitsime chimodzi, omwa ambiri

Werengani: Genesis 26:1-33

Sabata ino tikambe za madzi, ndi mmene anthu amagawirana chinthu chimene palibe angati ndi changa ndekha.

1. Ndewu ya pachitsime

Chaputala chathu chiyamba ndi njala. Isake anapita ku Gerari, Mulungu anamudalitsa, ziweto zake zinachuluka. Afilisti anachita nsanje, nakwirira ndi dothi zitsime zimene antchito a Abrahamu anakumba. Taonani bwino apa. Chitsime chokwiriridwa sichimwetsa Isake, komanso sichimwetsa Mfilisti. Anthu aja analolera kutaya madzi bola mnzawo asamwe. Isake atakumba china, abusa a ziweto a ku Gerari anati madziwo ndi awo, ndipo anachitcha Eseke, ndiye kuti mkangano. Chotsatira anachitcha Sitina, udani.

2. Kariba, chitsime cha mayiko awiri

Ife tili nacho chitsime chotere. Damu ya Kariba inamalizidwa mu 1959, ndipo anthu a Chitonga pafupifupi 57,000 anachotsedwa m'chigwa cha Zambezi kuti nyanjayo ipeze malo. Tisamaiwale mtengo umenewo tikamayatsa malaiti. Kumpoto kwa damu kuli makina a ZESCO, kummwera kuli a Zimbabwe, koma nyanja ndi imodzi. Wina akatunga kwambiri, madzi amatsika kwa tonse.

Ndiye chifukwa chake mu 1987 maboma awiriwa anakhazikitsa Zambezi River Authority. Chaka ndi chaka bungweli limaona madzi amene alipo ndi amene akuyembekezeka, kenako limagawa pakati ndi pakati. Mu Novembala 2022 linalembera a ku Zimbabwe kuti aimitse makina awo chifukwa anali atamaliza gawo lawo la chakacho. Mu 2024 mayiko onse awiri anapatsidwa ma cubic metre 16 biliyoni chabe, aliyense 8.

Chaka chimenecho tonse tikuchikumbuka. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pokhala tsoka la dziko lonse. Chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinapserera m'minda. Popeza magetsi athu ambiri amachokera ku madzi, load shedding inafika mpaka maola 21 pa tsiku. Owotcherera zitsulo anakhala manja lende, ma saluni anatseka, nyama inaola m'mabutchala. Manje aliyense anathamangira mbaula, malasha anakwera mtengo, mitengo yambiri inagwa. Koma nkhalango ndiyo imagwira madzi a mvula kuti alowe pansi ndi kudyetsa mitsinje nthawi ya chilimwe. Pothawa vuto la lero tinali kukwirira chitsime cha mawa.

3. Anaononga ndani, alipire ndani?

Chilala chija chinabwera ndi El Niño, nyengo imene imabwera n'kupita kuyambira kale. Chasintha ndi chakuti dziko likutentha chifukwa cha utsi wa malasha a m'migodi, mafuta ndi gasi, ndipo kutentha kumaumitsa nthaka ndi madamu msanga. Africa yonse imatulutsa utsi wosakwana magawo 4 pa 100 alionse, koma mlimi wa ku Monze kapena ku Petauke ndiye amagona ndi njala. Pamsonkhano wa COP27 ku Egypt mu 2022 mayiko anagwirizana kukhazikitsa thumba lothandiza amene aonongekeredwa ndi nyengo. Ndewu ikadalipo yoti ndani aikemo ndalama, ndipo zingati. Mkhristu asaope kunena kuti ichi ndi chosalungama.

Koma tisaloze chala kutali kokha. Zambezi imayambira kwathu kuno, kufupi ndi Ikelenge, ndipo madera amene amathira madzi mumtsinjewu ali m'mayiko 8. Zimene tichita kumtunda, m'bale wa ku Tete adzazimva kumunsi. Malaiti akapita, andale amatukwanana, ife nafenso timagawikana m'ma group a WhatsApp. Madzi sadziwa chipani, abale.

4. Rehoboti ndi pangano

Isake anasuntha, nakumbanso, ndipo pachitsime chachitatu panalibe mkangano. Anachitcha Rehoboti chifukwa Yehova anawapatsa malo otakasuka. Ife timakonda kufuula Rehoboti pa overnight, ndipo ndi bwino, Aleluya! Koma werengani mpaka vesi 32. Abimeleki anabwera, anakambirana, anadya pamodzi, analumbirirana kuti sadzachitirana choipa. Tsiku lomwelo antchito anabwera ndi uthenga woti apeza madzi. Isake anamanga guwa, anakumba, ndiponso anachita pangano ndi anthu amene anamuthamangitsa. Zonsezi anachita munthu mmodzi wa chikhulupiriro.

Pangano limagwira ntchito ngati munthu alisunga ngakhale pamene likumupweteka. Ngati dziko lathunthu lingauzidwe kuti gawo lanu latha, nanga iwe ndi ine pa borehole ya m'komboni? Chopereka cha komiti ya madzi, lipirani. Waya wolumikiza mwakuba pa pole, chotsani, chifukwa transformer ikapsa mdima ndi wa line yonse. Amene muli ndi dimba, musatseke mtsinje wonse ndi masaka pamene anzanu kumunsi akudikira. Amene mumakhalira malasha sitikukuweruzani, ana ayenera kudya, koma siyani mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, ndipo mvula ikayamba bzalani.

Mafunso a mu cell

a) Kwanuko ndi chiyani chimene mumagawana: borehole, dambo, nkhalango, transformer? Malamulo ake anaika ndani, ndipo akusungidwa?
b) Pali munthu amene simulankhulana naye chifukwa cha madzi kapena malire a munda? Adzayamba ndani kupita kwa mnzake?

Pemphero

Atate, mvula ndi yanu, mitsinje ndi yanu. Chotsani mwa ife mzimu wa Eseke ndi Sitina. Patsani nzeru atsogoleri a Zambia ndi Zimbabwe ndi onse amene amagawa madzi a Zambezi. Kumbukirani alimi ndi mabanja amene alibe unga. M'dzina la Yesu, Amen.